KODI KHASU LINGAKUSANKHIRENI MBEWU?

Sabata ino ndikulemba ndili kwathu kuno ku Dowa, komwe netiweki imafuna ukwere kachulu kaye.

Funso limene achinyamata olemba nkhani zopeka amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti: “Achimwene, ndizilembera pa pulogalamu iti?” Yankho lake silivuta. Microsoft Word ndi yodziwika, ndipo osindikiza mabuku ambiri amafuna fayilo ya mtundu umenewo. LibreOffice ndi yaulere pa kompyuta. WPS Office ndi Google Docs zimatheka pafoni. Scrivener anaipangira olemba mabuku aatali, imathandiza kusanja mitu ndi anthu a m'nkhani, koma ndi yogula. Sankhani yomwe ikulolani kulemba bandulo itatha, ndiponso kutulutsamo ntchito yanu n'kukaisunga kwina. Ine ndinataya mitu isanu ndi iwiri ya buku langa tsiku lomwe foni inasowa m'thumba pamsika wa Mponela, ndiye apa ndikunena zomwe zinandiwawa.

Koma pali funso lina lomwe sitimalifunsa: pulogalamuyo ikayamba kukuuzani zolemba, nkhaniyo ikhala ya yani?

Taonani zimene zimachitika mukatsegula tsamba n'kulemba chiganizo choyamba m'Chichewa. Pafupifupi liwu lililonse limatuluka ndi mzere wofiira pansi, ngati kope la mwana wa Sitandade 3 amene sanamve sipelo. Foni ina imafika posintha liwu lanu n'kuikapo la Chingerezi osakufunsani. Chilembo cha ŵ, chimene chimamveka bwino agogo a ku Malomo kapena ku Madisi akamayankhula, muchisakasaka pa kiyibodi mpaka kugwa ulesi. Pang'ono ndi pang'ono mumayamba kupewa mawu akwanu, kenaka kumaganiza kuti mwina nkhaniyi ikoma mu Chingerezi. Palibe wakukakamizani, koma chida chakukhotetsani dzanja.

Kuchokera mu Novembala 2022, pomwe ChatGPT inatuluka, nkhaniyi yakula. Tsopano pulogalamu ikutha kukulemberani ndime yonse. Mukhoza kuiuza kuti ilembe za mtsikana wa ku Ntchisi amene bambo ake akufuna kumukwatitsa akagulitsa fodya, ndipo ilembadi, mosalala ndithu. Komatu siinagonepo m'nyumba yamaudzu mu Juni nkhungu itakuta phiri la Ntchisi. Siidziwa fungo la m'chigafa, kapena mmene mayi amakhalira chete mwamuna akabwera ku okushoni ndalama itatha kale. Chichewa chake nthawi zambiri chimayenda ngati Chingerezi chovala chitenje. Mukaika dzina lanu pamwamba pa ndime yotere, mwamuuza wowerenga kuti munaona zimene simunaone. Pamenepo ndi pamene pali bodza.

Ena mwa inu muti, “Nanga cholembera si chida? Makina osindikizira si chida?” Mukunena zoona. Samuel Ntara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, naye anadutsa m'manja mwa amishoni, akonzi ndi omasulira, T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ntara yemweyo analembanso mbiri ya mfumu Msyamboza ya kuno ku Dowa. Palibe mlembi amene amagwira ntchito yekhayekha. Koma amene anakhala pansi ndi akuluakulu kumva mbiriyo, n'kusankha choti chilowe ndi choti chitsale, anali Ntara. Nchifukwa chake mpaka lero timati mabukuwo ndi ake.

Sindikunena kuti mutaye foni n'kubwerera ku kope la mizere. Chida chikuthandizeni kusunga, kusanja, kuwerenga mawu, ngakhale kukuonetsani pomwe mwabwereza. Mzere wofiirawo mukhoza kuuzimitsa m'masetingi, ndipo ndikukulangizani mutero lero lomwe. Koma pa mfundo yakuti mtsikana uja athawa kapena akwatiwa, ndiponso mawu amene ayankhule pamaso pa malume ake, pamenepo chida chisalowepo. Mukazolowera kupempha makina kuti akuganizireni, tsiku lina mudzakhala pansi mulibe bandulo n'kupeza kuti simungathenso kuyamba ndime nokha. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Ndiye posankha pulogalamu, musangoyang'ana kukongola kwake kapena mtengo. Lembanipo tsamba limodzi m'Chichewa cha kwanu, muliwerenge mokweza pamaso pa munthu amene anakulerani. Akati “uyu ndiwe ndithu,” chidacho chisungeni. Akakuyang'anani modabwa, fufuzani kuti liwu lanu lasochera pati.

Inu mumalembera pa chiyani, ndipo chinayamba chakusinthiranipo liwu limene munalikonda? Tionana sabata yamawa.