Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Wakutsina khutu ndi mnansi, anatero makolo athu, kutanthauza kuti amene akudzudzula msanga, ngakhale kudzudzulako kuwawe, ndiye akufunira moyo.

Mwambi umenewu ndimaukumbukira ndikaima m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kuno kwa Mfumu Kuntumanji, m'miyezi ya dzinja imene matemba ndi makumba amaswana ndipo makoka aletsedwa kulowa m'madzi. Msodzi wogwidwa ndi khoka lolukidwa ndi masikito, limene limasesa ngakhale tiana ta nsomba tochepa ngati njere ya mpunga, sayamba watengeredwa ku khoti la majisitireti ku Zomba. Komiti ya padoko, imene lamulo la zausodzi la 1997 linaipatsa malo, imamuitana pamaso pa mfumu, nimulanda khokalo, nimugamula chindapusa, ndipo dzuwa lisanalowe mlandu watha.  Uku ndiko kutsina khutu: munthu amva kuwawa, achita manyazi pamaso pa anzake, koma abwerera kwa ana ake, ndipo amene anaona nyanja iyi itauma mu 1995, mabwato atagona pa dothi long'aluka, sadzanena kuti chilangocho n'chankhanza.

Koma mnansi amatsina khutu poyera, ndipo satsina la wosauka yekha, nalambalala la mwini makoka asanu. Chindapusa cholandiridwa kuseri kwa bango, popanda lisiti, ndi chiphuphu basi. Inu a komiti, lembani lisiti.