Kodi nthabwala zili ndi malo mu mbiri ya womwalira?

Amayi anzanga a Chigwirizano, mbiri ya womwalira ikamawerengedwa kumanda timamva chaka chimene anabadwa, abusa amene anamubatiza, ndi chiwerengero cha ana ndi adzukulu. Koma tikabwerera kusiwa kukaphika nsima, zimene anthu amakamba ndi zina: momwe malemuyo ankaseketsera anthu. Nanga bwanji zimenezi timazisiya pamafuwa, ngati kuseka ndi chinthu chochititsa manyazi pamaso pa Mulungu?

Taganizirani za madala aja amene anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Ana anga a sukulu amadziwa kampu ya Gondar ku Chipata ndi ya Tug Argan ku Ndola, koma ambiri sadziwa kuti amenewa ndi mayina a malo ankhondo: Tug Argan ku Somaliland mu 1940, Gondar ku Ethiopia mu 1941. Ena anafika mpaka ku Burma mu 1944. Kuti akafike kumeneko, anyamata amene ankangodziwa bwato la pa Luangwa anakwezedwa sitima zikuluzikulu kuwoloka nyanja yamchere. Ulendowo sunali wamasewera. Pa 12 February 1944 sitima ya Khedive Ismail, yonyamula asilikali a kuno ku Africa kuchokera ku Mombasa kupita ku Colombo, inamizidwa ndi Ajapani, ndipo anthu 1,297 anafa.

Mmodzi wa owoloka nyanjayo anali mdala wa mumpingo wathu kuno ku Chama, amene tinawaika m'manda zaka zambiri zapitazo. Za imfa sankakamba. Adzukulu akawafunsa za nyanja, ankati ndi Luangwa amene anaiwala kuika tsidya lina, ndipo ankadandaula kuti mchere wonsewo ukungotayika pamene ife kuno tikugula wa pasupuni. Ankasonyeza momwe anakwawira m'sitima ngati mwana, akusanza, ana mpaka kugwa nako kuseka. Ankalima mpunga, kuperekeza ana kusukulu mvula ikagwa, ndipo mkangano wa panyumba ankautha ndi nthabwala usanafike kwa ankhoswe.

Ndikudziwa chimene ena a inu munganene: munthu wanthabwala ndi wachibwana, ndipo wina amaseka pofuna kubisa zimene zikumudya mumtima. Pali zoona pamenepo. Tonse tikudziwanso mwamuna amene amaseketsa anzake kumowa ponyoza mkazi wake, anthu n'kumati ndi wansangala. Ameneyo sindikumuteteza ayi. Chimene ndimayang'ana ine n'chakuti, kusekako kukugwera yani? Kwa mdala uja kunkagwera iwo eni. Palibe mwana kapena mpongozi amene anachoka pakhonde lawo atagwetsa nkhope.

Nanga zobisa zija? Amayi a kunyumba kwawo ankadziwa kuti mvula ya mabingu ikabwera usiku, bambowo ankadzuka n'kukhala tsonga mpaka m'mawa. Kukacha, ankatuluka ndi nkhani yoseketsa. Ine sindikutcha zimenezi bodza. Anali ndi katundu wolemera, ndipo anasankha kuti asawasenzetse ana. Amuna ena a mbadwo womwewo anabwera nawo katunduyo n'kumutula pa mabanja awo ndi chibakera. Choncho nsangala yawo inali ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kupalira, ndipo theka la ntchitoyo ankagwira ndi mayi amene ankakhala nawo maso.

Makolo athu sanaope kuseka pa maliro. Adzukulu okumba manda amaseka, ndipo Angoni ndi Abemba amapakana ufa pa chimbuya anamfedwa akuona. M'Baibulo namo, mwana wa lonjezo wa Abrahamu ndi Sara anapatsidwa dzina lakuti Isake, lotanthauza kuseka.

Tsono akulu a mpingo akabwera ndi pepala kudzalemba mbiri, nthawi zambiri ife a Chigwirizano ndi amene timakhala pamphasa pafupi ndi mayi wamasiye. Mufunseni mwakachetechete chimene mwamuna wake ankanena chimene chinkamuseketsa. Akalira, dikirani. Akayankha, pemphani mlembi achilembe pansi pa chiwerengero cha adzukulu. Malo amatsala nthawi zonse.