Kamba ndi Mtsuko wa Thobwa

Padangokhala.

Tili tonse.

Chinali chaka cha 2022, namondwe Ana atangodutsa mu Januwale n'kugwetsa zimbudzi, madzi ake n'kusefukira m'zitsime. Anthu ku Machinga anamva za kolera mu Malichi, ndipo nazo nyama za m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa sizinapulumuke.

Woyamba kudwala anali mwana wa Nguluwe. Anatsegula m'mimba usiku wonse, zotuluka zili mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ndipo pofika m'mawa maso anali atalowa. Dokotala Kadzidzi anatenga pang'ono za m'mimbazo, naziyeza, zina natumiza ku labotale kuti atsimikize. Yankho linabwera: kolera.

"Mfumu," anatero Kadzidzi kwa Njovu, "kuchiza wodwala yekha n'kupha njoka kumchira. Nthendayi imatha kubisala m'thupi masiku asanu, ndipo ena amaifalitsa osadwala n'komwe. Tipeze onse amene anadya naye ndi kumwa naye."

Njovu inasankha Khwangwala, poti amauluka msanga. Apa mpamene zinalakwika. Khwangwala akangomva dzina, ankatera pansonga ya mlambe n'kufuula: "Kwa a Gwape kwalowa kolera! A Nungu nawonso anamwa pachitsime chija!" Ana a Gwape anathamangitsidwa pamjigo, ndipo zitumbuwa za mkazi wa Nungu zinauma pamsika popanda wogula. Sabata isanathe, nyama zinaphunzira kutseka pakamwa. Odwala ankabisidwa kuseri kwa nkhokwe, maliro akuchuluka, koma buku la Kadzidzi lili lopanda mayina.

Ndiye ntchito inapita kwa Kamba, mlangizi wa zaumoyo wokalamba uja amene ena ankamuseka kuti akafika wodwala atachira kale. Ananyamula kope, botolo la klorini ndi mapaketi a Thanzi, nayamba ulendo wake wa pang'onopang'ono.

Tsiku lachiwiri anamva kubuula m'phanga. Anapeza Fisi ali thapsa, miyendo ikukokana, khungu ukalitsina osabwerera. Mapaketi anali atatha, choncho Kamba anawiritsa lita imodzi ya madzi, nathiramo masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Anammwetsa pang'onopang'ono, osafunsa kanthu, mpaka Fisi anatha kudzutsa mutu.

"Achimwene, masiku asanu apitawa munadya kuti?"

"Kwathu konkuno, a Kamba."

Kamba anayang'ana pamafuwa. Phulusa linali lozizira, kangaude atayala ukonde pamphika.

"Mphika wanu ukunena zina."

Fisi anausa moyo. Anavomera kuti anapita kumaliro kutsidya kwa dambo, osadziwa n'komwe amene wamwalira, poti anamva fungo la nyama. Kumeneko onse anasamba m'manja m'beseni limodzi, madzi akuda bii. Kamba analemba.

"Nanga mutachoka kumaliroko?"

Zii. Fisi anatembenukira kukhoma. Mukumudziwa Fisi: angalole kufa kusiyana n'kuti bwalo lidziwe kumene amayenda usiku.

"Ndikanena mukandipereka kwa mfumu."

"Ine si wapolisi, achimwene. Sindikusaka wakuba. Ndikusaka chimene manja anu anakhudza."

Dzuwa linapendeka Kamba ali pompo, akuthira madzi m'chikho, akudikira. Khwangwala akanakhala atauluka kalekale. Kenako Fisi ananong'ona kuti dzulo usiku, m'mimba mutayamba kale kuwira, analowa m'khitchini mwa Kalulu. Anapezamo mtsuko wa thobwa la chinkhoswe, napisamo dzanja kangapo, nanyambita, navundikiranso bwinobwino.

Kamba anaitana Mbidzi kuti inyamule Fisi kupita naye kutenti ya odwala, komwe anamuika diripi. Iye anayenda usiku wonse, ndipo anafika kwa Kalulu tambala woyamba akulira, mkazi wa Kalulu akutsuka zikho za alendo.

"Mayi, thobwalo lisamwedwe. Alipo amene walawako?"

Mwana wamng'ono anabisala kumbuyo kwa chitenje cha amake, milomo ili yoyera ndi thobwa.

Kalulu anatuluka akupsa mtima. "A Kamba, chimera changa chonse chathera mumtsukomu! Wakuuzani ndani kuti muli matenda?"

"Ndauzidwa."

"Ndi ndani? Ndi Nyani eti? Kapena Fisi? Ndaona mapazi kuseriku."

"Mapazi afunseni eni ake. Ine ndabwerera mtsuko."

Kalulu anayesa nzeru zake zonse. Analonjeza bowa, anaopseza kuti akasuma kwa mfumu, mpaka ananamizira kulira. Kamba anangokumba dzenje, natayamo thobwa, natsuka mtsuko ndi klorini. Anathiranso klorini m'ndowa ya madzi akumwa, nawauza kuti adikire mphindi 30 asanamwe, ndiponso kuti posamba m'manja azithirirana madzi, asamapise onse m'beseni. Analemba mayina a onse a m'nyumbamo, nati azibwera m'mawa uliwonse kwa masiku asanu.

Usiku wachiwiri kamwana kaja kanayamba kutsegula m'mimba. Poti amake anali atauzidwa zoyenera kuyang'ana, sanadikire kuti kuche. Anakabereka kumsana, akukamwetsa madzi a shuga ndi mchere njira yonse. Patapita masiku atatu kanali kakuthamangitsa ziwala pabwalo. Alendo a chinkhoswe anamwa tiyi, ena akung'ung'udza, koma onse anabwerera kwawo ndi miyendo yawo.

Mbiri inamveka kuti Kamba saulula. Nyama zinayamba kumutsata zokha kukada, Gwape ndi nkhani ya chitsime, Nungu ndi ya mlendo amene anagona kwake, ndipo kope linadzaza.

Mliri utatha, Kalulu anakumana ndi Kamba panjira ya kudambo.

"Tsopano zatha, a Kamba. Tangondinong'onezani, anali ndani?"

Chapatali Fisi anali ataima, makutu ali tcheru. Kamba anayang'ana Kalulu, nayasamula, nalowetsa mutu m'chigoba.