Mchere, Shuga ndi Mlonda wa Pachipata

Padangokhala.

Tili tonse.

Mu Januwale 2023, kolera atavuta mu Blantyre mpaka sukulu kuchedwa kutsegulidwa, kamnyamata kena ka ku Ndirande kanayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga. Maso analowa m'kati. Agogo ake anakamwetsa madzi, koma madziwo ankangodutsa.

Khoma la matumbo ndi lomangidwa ndi maselo, ndipo selo lililonse lili ndi kachikopa kopyapyala kokhala ndi zipata. Kolera anali atasokoneza zipata zina, koma chimodzi chinatsala, pali mlonda wosamva za chiphuphu.

Mchere anafika yekha, akuyenda monyang'wa.

"Tsegula, iwe! Popanda ine ndiwo sizidyeka."

"Pepani bambo," anatero mlonda, "pano salowa munthu yekha."

Shuga anaseka chikhakhali. Agogo atathira masupuni a shuga odzaza tho m'kapu, poti mwana apeze mphamvu, Shuga anabwera ndi abale ake onse, nadzaza pakhomo. Mlonda sanatsegule. Tsono Madzi ali ndi khalidwe lake: amalondola komwe mchere kapena shuga wachuluka. Ataona khamulo kunja, Madzi amene anali m'thupi anatuluka kukalowa m'matumbo. Mwana anafooka kuposa m'mawa.

Madzulo mlangizi wa zaumoyo anafika.

"Agogo, chikondi chanu chachuluka shuga," anatero. Anasungunula paketi imodzi ya Thanzi, ufa wosakaniza mchere ndi shuga, mu lita imodzi ya madzi owiritsa. "Mummwetse pang'onopang'ono, akasanza musasiye. Tiyeni naye kuchipatala, azimwa tili m'njira."

Mchere ndi Shuga anakumana pachipata, aliyense atatembenukira kumbali.

"A Mchere awiri, a Shuga mmodzi," anatero mlonda. "Gwiranani manja."

"Ine kugwirana ndi wotsekemera uyu?"

"Mukakana, khalani panja nonse."

Anagwirana, nkhope zili ndwii. Chipata chinatseguka, analowa, ndipo Madzi anawatsatira pambuyo mpaka m'magazi. Pofika mawa lake mwana anakodza, nalira kuti akufuna phala.

Atakhala m'kati, awiriwo anayambanso kukangana kuti wapulumutsa mwana ndani. Anabwerera kwa mlonda kuti aweruze mlandu.

"Mayina sindisunga," anatero mlonda. "Ine ndimangowerenga awiri ndi mmodzi. Patukani, anzanu akudikira."