Thabwa la Mkungudza: Mlandu Ngwa Yani?

Nyengo yachisanu ikafika, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, Phiri la Mulanje limalandira alendo ochuluka. Mvula imakhala itatha, njira zitauma, ndipo ngakhale chiperoni chimabwera masiku ena n'kuphimba zonse, kunja kukayera munthu amaona minda ya tiyi itayalana m'munsi ngati mphasa yobiriwira. Ena amathera ulendo wawo pa Dziwe la Nkhalamba, kumtunda kwa Likhubula. Ena amakagona m'tinyumba ta pamwamba, ku Chambe kapena ku Lichenya. Olimba mtima amalinga ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Koma kwa zaka zambiri, alendo pokwera ankakumana ndi anthu ena akutsika panjira zomwezo: anyamata opanda nsapato, thabwa lolemera lili pamutu, fungo lake lokoma likutsalira m'mbuyo. Thabwalo linali la mkungudza.

Mkungudza wa ku Mulanje sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Boma linayamba kuteteza nkhalango ya phirili mu 1927, ndipo mu 1984 mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Komabe mu 2017 akatswiri atayendera phirilo anapeza mitengo yokhwima 7 yokha ili chiimire.

Tsono, abale anga, mlandu ngwa yani? N'kwapafupi kuloza chala mnyamata uja, chifukwa ndiye amene tinamuona ndi maso. Kunena zoona anaphwanya lamulo, ndipo umphawi suyeretsa kuba. Koma takamuyenderani kwawo. Chitseko cha nyumba yake si cha mkungudza. Anasenza thabwalo m'matherezi oterera, khosi likuwawa, kuti alandire kandalama kogulira ufa wa masiku awiri. Panali wina amene anamutuma, wina amene anabwera ndi galimoto usiku, wina amene anayang'ana kumbali pamene galimotoyo inkadutsa. Ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali wogula, munthu waulemu wake, amene ankadziwa kuti chiswe sichidya mkungudza ndiponso kuti suwola msanga m'madzi. Anaufuna pa denga la nyumba yake, pa boti lake kunyanja, kapena ngati kabokosi konunkhira kokumbukira ulendo wa kuphiri. Sanafunse kumene thabwalo linachokera, pakuti yankho lake ankalidziwa kale.

Mpingo umaphunzitsa kuti kukula kwa mlandu wa munthu kumayenderana ndi zimene ankadziwa ndiponso ufulu umene anali nawo pochita chinthucho. Tikayeza ndi muyeso umenewu, ine ndikuona kuti sikelo ikulemerera kwa wogula. Wosenza uja njala inam'panikiza, ndipo njira zina zopezera chakudya zinali zochepa. Wogula akanatha kusankha paini kapena bulugamu, n'kugonabe tulo tabwino. Chodabwitsa n'chakuti wogwidwa ndi kumangidwa kawirikawiri amakhala woyambayo, pamene wachiwiri amakhala pa mpando wakutsogolo pamisonkhano.

Nanga woberedwa ndani? Tikati boma, mtima suluma, chifukwa boma lilibe nkhope. Woberedwa ndi mayi wa ku Phalombe kapena wa m'mbali mwa Ruo amene amamwa madzi ochokera m'phirimo, madzi amene nkhalango imasunga n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Woberedwa ndi mwana amene sanabadwe, amene sangapite kwa amfumu kukadandaula, ndipo mwina n'chifukwa chake kumubera sikutichititsa manyazi.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba Phiri la Mulanje m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi. M'zaka zapitazi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, labzala mbande zambirimbiri za mkungudza pamwamba pa phiri. Zimene zapulumuka ku moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala zidzafuna zaka makumi ambiri kuti zikhwime. Macheka akadalipo m'tsinde mwa phiri, ndipo ogula akadalipo m'matauni ndi kunyanja.