Mutu ukakula sulewa nkhonya, nanga ku Chelsea bwanji?

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankakumbutsa wokhala pampando kuti ukulu umadza ndi zake. Mudzi ukasokonekera anthu amalunjika kwa nyakwawa, ngakhale tsiku la chipwirikiticho iyeyo anali kumaliro kutsidya. Wogamula ndiye woyankha. Mwambiwu ndimaukhulupirira, koma eni matimu akuluakulu a mpira ku England akuoneka kuti anaupezera njira yowuzemba.

Timu ikagonja katatu kotsatizana, wotukwanidwa timamudziwa. Ndi uja amaima m'mbali mwa bwalo manja ali m'thumba, kamera itamuloza pamphumi. Masapota amakuwa kuti kochi achoke, ndipo kawirikawiri amachokadi. Chimene sitifunsa n'chakuti kodi mutu waukulu m'timumo ndi wake?

Kale yankho linali inde. Alex Ferguson anakhala ku Manchester United kuyambira 1986 mpaka 2013, natenga ligi maulendo 13. Wosewera amene iye watopa naye ankalongedza, kaya ndi wotchuka chotani. David Beckham anapita ku Real Madrid mu 2003, Roy Keane anachoka mu 2005. M'zaka zake zoyambirira zinthu zitavuta, masapota ena ankafuna kuti achotsedwe, ndipo sankalakwitsa khomo, pakuti timuyo anaimanga ndi iyeyo.

Ku Chelsea zinthu zinayenda mwina Roman Abramovich atagula timuyo mu 2003. Mu 2006 kunabwera Andriy Shevchenko kuchokera ku AC Milan pamtengo wa mapaundi pafupifupi 30 miliyoni, ndipo kunkamveka ponseponse kuti womulakalaka anali mwini timu, osati mphunzitsi José Mourinho. Zigoli za Shevchenko mu ligi sizinafike 10. Mourinho, yemwe anali atatenga ligi mu 2005 ndi 2006, anachoka mu September 2007. Mu January 2011 timuyo inagula Fernando Torres ku Liverpool ndi mapaundi 50 miliyoni, koma mpaka ligi ya chaka chimenecho kutha anachinya kamodzi kokha. Nkhwangwa inagwera Carlo Ancelotti, munthu amene chaka chapitacho anawapatsa ligi ndi chikho cha FA, ndipo panthawiyi anali atathera pa nambala yachiwiri. Roberto Di Matteo ndiye anaona zakuda zenizeni: anatenga Champions League mu May 2012, pofika November ntchito inali itatha.

Tisanamizane, njira ya Abramovich inabala zipatso. Ligi kasanu, Champions League kawiri. N'chifukwa chake masapota ambiri a Chelsea, ngakhale awa timakangana nawo m'minibasi Lolemba m'mawa, sankaona vuto. Wosewera wodula akakanika, bwana ankangotulutsa ndalama zina, nalemba mphunzitsi wina. Iye mwini sankalankhula ndi atolankhani pafupifupi zaka zonsezo. Chinamuchotsa mu 2022 si mpira ayi, koma chilango chimene boma la Britain linamupatsa dziko la Russia litalowa ndi nkhondo ku Ukraine.

Olowa m'malo mwake, Todd Boehly ndi kampani ya Clearlake, anachita poyera zimene mnzawo ankachitira kuseri. Marina Granovskaia, mayi amene ankayendetsa zogula ndi kugulitsa osewera, anachoka. Petr Čech, mlangizi wa timuyo, nayenso anachoka. Boehly anadzipatsa yekha udindo wa mkulu woona za osewera kwa kanthawi. Kumayambiriro kwa September 2022 anagula Pierre-Emerick Aubameyang, amene anasewerapo pansi pa Thomas Tuchel ku Borussia Dortmund, koma sabata isanathe Tuchel, mphunzitsi wa Chelsea panthawiyo, anachotsedwa timu itagonja 1-0 ndi Dinamo Zagreb. Graham Potter anabwera, nalandira gulu la osewera atsopano mu January, kuphatikizapo Enzo Fernández wa mapaundi oposa 100 miliyoni, ndipo mu April 2023 nayenso anauzidwa kuti basi. Chelsea inathera pa nambala 12. Aphunzitsi awiri analipira ndi ntchito zawo, wogula osewerawo ali phee pampando.

Sindikunena kuti mphamvu zonse zibwerere kwa mphunzitsi. Iyeyu amaganiza za masewero a Loweruka likudzali, chifukwa akagonja mwina lotsatiralo sakhalapo, pomwe wosewera amasaina mgwirizano wa zaka zisanu kapena kuposa. Payenera kukhala wina woona patali, wodziwa thumba la timu, wotha kukana mphunzitsi akafuna wosewera wa zaka 31 pamtengo wa mnyamata. Vuto langa lili pakuti munthu ameneyu, ndi bwana wake, sakhala pamaso pa anthu. Mphunzitsi amayankha mafunso a atolankhani masewero asanayambe ndiponso akatha, sabata ndi sabata, ngakhale pa nkhani zimene anangozimva monga tinazimvera ife.

Kumene timu ili m'manja mwa mamembala, nkhonya zimafikako kumtunda. Ku Barcelona pulezidenti amachita kusankhidwa, ndipo Josep Maria Bartomeu anatula pansi udindo mu October 2020 mamembala atasonkhanitsa masiginecha ofuna voti yomuchotsa. Ku Germany lamulo la 50+1 limasiya mavoti ochuluka m'manja mwa mamembala m'matimu ambiri. Kumenekonso zolakwika zimachitika, ndipo ngongole za Barcelona ndi umboni, koma wolakwitsayo ali ndi khomo loti anthu n'kugogodapo.

Ku England masapota anayesapo kulunjika pamutu weniweni. Pa 18 April 2021 matimu 12 a ku Ulaya, 6 mwa iwo a ku England, analengeza mpikisano wawowawo wa Super League. Zinakonzedwa ndi eni matimu ndi akuluakulu a m'maofesi, aphunzitsi ndi osewera osafunsidwa. Komabe tsiku lotsatira, amene anaima pamaso pa makamera ku Leeds kuyankhapo anali mphunzitsi wa Liverpool, Jürgen Klopp. Masapota a Chelsea anatseka msewu kunja kwa Stamford Bridge, ndipo patangotha masiku awiri chilengezereni mpikisanowo matimu onse a ku England anali atatulukamo. John Henry, mwini wa Liverpool, anapepesa pavidiyo. Ed Woodward, mkulu wa m'maofesi ku Manchester United, analengeza kuti atula pansi udindo, koma anakhalabe mu ofesi mpaka kumayambiriro kwa 2022. Mwa eni matimu 6 aja, palibe ndi mmodzi yemwe amene anataya timu yake chifukwa cha nkhaniyo. Amene anatuluka pachipata sabata imeneyo anali mphunzitsi: pa 19 April, Tottenham inachotsa José Mourinho chifukwa timu sinkachita bwino.