Kodi mwana angaseke za kumanda?

Mu Ndirande mukagwa maliro, uthenga umayamba kufika ndi masamba. Anyamata amayala nthambi zaziwisi pamsewu, oyendetsa galimoto amachepetsa liwiro, amayi amalowa m'nyumba ya siwa, abambo amakhala panja pamoto, kwaya n'kuyamba nyimbo. Aliyense ali ndi malo ake, kupatula ana. Iwo amatumizidwa kwa aneba, ndipo akafunsa kuti agogo ali kuti, amauzidwa kuti atsogola, kapena kuti apita kwa Atate, kapena kuti asiye phokoso akasewere uko.

Koma mwana sasiya funso chifukwa choti wamkulu walizemba. Kwa Atateko amadya nsima? Kuli sukulu? Agogo aakazi akakawapeza agogo aamuna, ayambiranso kukangana za ndalama ya makala? Wamkulu womva mafunso otere amagwira pakamwa kuti asaseke, kenako amachita manyazi kuti anafuna kuseka. Manyazi amenewa ali ndi funso lake: kodi n'zololedwa kuti mwana aseke za moyo wa pambuyo pa imfa, kapena kutero n'kuchitira chipongwe Mulungu ndi omwalira?

Kumayiko ena olemba mabuku a ana anayankha kale. Mu 2008, Dale E. Basye wa ku America anatulutsa buku lotchedwa Heck, loyamba pa mabuku angapo otsatizana. Mnyamata wofatsa, Milton Fauster, ndi mlongo wake Marlo, wa dzanja lalitali m'masitolo, amafa chimbalangondo chachikulu chopangidwa ndi switi chitaphulika. Sapita kumwamba, sapitanso ku Gehena weniweni, koma kumalo kosungirako ana osamvera, ndipo malowo ndi sukulu yogonera komweko. Phunziro la makhalidwe abwino amaphunzitsa ndi Richard Nixon, pulezidenti uja anatula pansi udindo mu 1974 chinyengo chake chitaululika. Masewera olimbitsa thupi ali m'manja mwa Blackbeard, chigawenga cha panyanja. Wolembayo anabwereka mapu a Dante, mlakatuli wa ku Italy amene zaka 700 zapitazo anagawa Gehena m'magawo 9, n'kuwasandutsa nthabwala.

Buku lotere limagawa makolo. Ena amati mwana akaseka chinthu, mantha ake amachepa. Ena amati moto wosatha si wosewera nawo. Ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri, gulu lachiwirili ndi limene lingachuluke, ndipo si anthu oti n'kungowanyoza kuti ndi otsalira.

Chifukwa chawo choyamba ndi chikhulupiriro. Kwa mayi wa Mvano, kwa mkulu wa mpingo wa chipentekoste wopemphera m'kalasi ya pulayimale Lamlungu, kwa shehe wophunzitsa ana kumadrasa, chiweruzo chikubwera ndithu, ndipo kholo lili ndi udindo wochenjeza mwana. Baibulo, pa Deuteronomo 18, limaletsa kufunsira kwa akufa. Munthu amene amakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse sangaone chosekesa pa chiwanda chovala ngati mphunzitsi wamkulu.

Chifukwa chachiwiri n'cholemera kuposa choyambacho. Mwana wa ku America akatseka bukulo amadziwa kuti zatha, zinali zopeka. Mwana wa ku Zingwangwa amatuluka panja n'kumva akuluakulu akunong'onezana kuti uje sanafe imfa yeniyeni, anamusandutsa ndondocha, akugwira ntchito usiku pachigayo cha winawake. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe, zinafika mu Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe agogo ambiri athamangitsidwa pamudzi chifukwa cha mawu a mwana woti amamutenga usiku. Kuno nkhani ya akufa oyendayenda ikhoza kugwetsa nyumba ya munthu. Kholo lochita nayo mantha lili ndi zimene linaona.

Zonsezo n'zomveka. Chosamveka ndi chonena chakuti kuseka pafupi ndi manda n'kwachilendo, kuti kunabwera ndi mafilimu a m'mavidiyo sho. Nthano yakale yofotokoza chiyambi cha imfa ndi yoseketsa kale. Chauta atuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso. Bilimankhwe ayenda monga ayendera, phazi limodzi m'mwamba, kuganiza kaye, diso ili kuno lina uko. Buluzi, wonyamula uthenga woti akafa afa basi, amudutsa panjira n'kufika msanga. Agogo ofotokoza bwino amatsanzira kayendedwe kameneko mpaka ana kugubuduzika ndi phwete. Mwana amagona atamva chinthu chowawa kwambiri, chakuti wakufa sabwerera, ndipo wachimva akuseka. Wamvanso mfundo imene akatswiri a zaumulungu amailembera mabuku akuluakulu: kuti imfa sinali cholinga choyamba cha Mlengi.

Nanga adzukulu? Aliyense amene anafikako kumanda m'mamawa, dzenje likukumbidwa, amadziwa kuti kumeneko sikukhala zii. Amanyogodolana, amadandaula kuti nsima yachedwa, amaseka mnzawo wogwira khasu ngati cholembera. Akhozanso kuika makasu pansi ngati banja lofedwalo silipita pamaliro a anzawo, ndipo bwana wa taye amapepesa kwa mnyamata wopanda nsapato. Ku Zambia kuli chimbuya pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa, Angoni makamaka, amene makolo awo ankamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800. Pamaliro a mtundu winawo, ambuya amabwera kudzathandiza ntchito, koma amathiranso anthu ufa kumutu, amawaseka, amatolera ndalama mwanthabwala, ndipo palibe amene amakwiya.

Gule Wamkulu ndiye amafika patali. Zilombo zimene zimatuluka kudambwe kubwera pabwalo zimatengedwa kuti ndi mizimu ya makolo, ndipo pamaliro a mfumu kapena a munthu wolowa gule, Kasiyamaliro amabwera kudzaperekeza womwalirayo. Umenewu ndi mwambo wolemera, woopsa, wosaseweretsa. Komabe pabwalo lomwelo pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, pamatuluka Maria, pamatuluka zilombo zotsanzira chidakwa, waulesi, mwamuna wachimasomaso, munthu wodzimva chifukwa cha ndalama za kutauni. Amayi amaimba, kuwomba m'manja ndi kuseka; ana amathawa n'kubwereranso kudzasuzumira. Bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada amene anayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, anasonkhanitsa zigoba zoposa 400 m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, ndipo woyenda m'chipinda chimenecho amaona nkhope zoopsa ndi zoseketsa zitapachikidwa pamodzi. UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Makolo a Achewa, tinene choncho, anaganiza kuti akufa akabwera kudzacheza, amabwera ndi nthabwala.

Poyang'anitsitsa zitsanzo zimenezi, pali lamulo limene palibe analilemba koma onse amalisunga. Woseka si namfedwa. Ndi mdzukulu, ndi mbuya, ndi chilombo chobisa nkhope, munthu woima chapatali pang'ono amene wapatsidwa chilolezo chonyamulira ena katundu wolemerayo. Ndipo wosekedwa si womwalirayo, kapena mayi amene akulira m'nyumba. Wosekedwa ndi wamoyo: waumbombo, wodzikuza, wothawa maliro a anzake. Sewero la Tikuferanji, limene linatchukitsa Michael Usi monga Manganya, linayenda njira yomweyo m'zaka zimene Edzi inkadzaza manda a HHI ndi ena onse mu Blantyre, mankhwala aulere a ma ARV asanafalikire kuyambira 2004. Mabanja ankaseka pamodzi pawailesi ndi pakanema, koma chimene ankaseka chinali ukathyali wa amuna ndi mabodza a m'banja, osati odwala.

Buku la Basye, likayesedwa ndi muyezo umenewu, silichimwa kwambiri monga mmene chikuto chake chingaopsezere. Chimene likunyoza ndi sukulu, chakudya choipa cha kuboding'i, akuluakulu achinyengo ophunzitsa ana chilungamo. Za Mulungu likunena zochepa. Ngakhale fanizo la Yesu la mwini chuma ndi Lazaro, pa Luka 16, limene limalalikidwa kawirikawiri pamaliro, mapeto ake ali pa abale asanu amene adakali moyo. Pamene nthabwala ingalakwe ndi pamene yaloza wakufa amene mwana akumulira, kapena pamene yaphunzitsa mwana kuti gogo wa nyumba yachitatu ndi mfiti.

Filimu ya Coco ya mu 2017, yochokera pa mwambo wa ku Mexico wokumbukira akufa kumayambiriro kwa Novembala, ili ndi mafupa ovina ndi oimba, ndipo mfundo yake ndi yakuti wakufa amatheratu pokhapokha amoyo onse akamuiwala. John Mbiti, wansembe wa ku Kenya, analemba zofanana ndi zimenezi mu 1969 pofotokoza chipembedzo cha makolo a mu Africa. Aliyense amene anasonkhapo ndalama ya chiliza, kapena amene anapatsidwa dzina la agogo ake, sangazione zachilendo.

Vuto la mwana wa m'tauni ndi lakuti zambiri mwa zimenezi sizimufika. M'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi a gule ankalimbirana ana, awa akukokera kusukulu, awa kudambwe, ndipo mpaka lero mipingo yambiri imaletsa akhristu ake kuyandikira bwalo. Agogo odziwa nthano ali kumudzi ku Thyolo kapena ku Ntcheu. Chotsala ndi ziwiri: kukhala chete kwa makolo, ndi ulaliki wa moto umene mlaliki wa pamsika amaufuula mofanana kwa wakuba wa zaka 40 ndi kwa mtsikana wa Sitandade 2. Pa ziwirizi, chachiwiri ndi chimene chimalotetsa ana zoopsa, koma sikawirikawiri kumva kholo likuchidandaula.

Ndipo imfa yokha siwabisalira ana amenewa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ana anagona m'makalasi osandutsidwa misasa ataona ndi maso zimene pamaliro wamba amawabisira. Sabata imeneyo sinali ya nthabwala, ndipo munthu wanzeru sakanayesa. Koma patapita miyezi mafunso aja amabwera ndithu, ena mwa iwo oseketsa, ndipo mwana amene wakalipiridwa chifukwa chofunsa ngati kumwamba kumagwa mvula amaphunzira kuti nkhaniyi asadzaiyambenso.

Wolemba wa mu Blantyre wofuna kuyesa buku lotere sangafunike Dante. Amos Tutuola wa ku Nigeria anaonetsa kale mu 1952 kuti mudzi wa akufa ukhoza kumangidwa ndi nthano za kwanu, pamene analemba za chidakwa chopita kumeneko kukafuna wantchito wake wogema mowa. Wa kuno zipangizo ali nazo pakhomo. Pachipata pangakhale mzere wautali, kalaliki akufuna chiphaso cha unzika, netiweki itavuta. Kondakitala amene ankapanikiza anthu anayi pampando wa atatu angapatsidwe mpando wapakati mpaka kalekale. Landilodi angamachite lendi kwa amene ankawatulutsira katundu panja. Bilimankhwe angakhale adakali m'njira ndi kalata yake ija, ndipo buluzi, poti liwiro ndi lake, angakhale atagula njinga yamoto n'kuyamba kabaza.